Kabudula wa Zingwe Ziwiri

Ndikukumbukira chisanu cha chaka chimene ndinatsala pang'ono kumuthera munthu ntchito chifukwa cha timiyendo tangati. Inu anzanga amene munakulira kunsi kwa phiri la Chongoni ngati ine, amene lero mano atsala ongowerenga, mukuchidziwa chisanu ndikunenachi. Juni akafika nkhungu inkagona m'mudzi mpaka dzuwa litakwera, mame a m'njira ankalasa ngati singano, ndipo ife ana tinkafika kusukulu miyendo ili mbuu, yong'aluka ngati dothi la m'dambo nthawi ya chilimwe. Adzukulu anga ndikamawauza amati agogo mukuwonjezera. Ndimawonjezeradi zambiri, sindikana, koma chisanu cha kwathu sichifuna munthu wochiwonjezera.

Ndinali ndi zaka khumi kapena khumi ndi chimodzi, poti nthawi imeneyo zaka tinkangoyerekeza ndi misinkhu ya anzathu. Dzina langa la ubatizo ndi Gelevaziyo, koma amayi ankalidula n'kukhala Gele akakwiya, ndiye kuti tsiku lililonse. Bambo anapita kumigodi ku Joni ine ndikuyamwa, n'kutchona komweko, osatumiza ngakhale batani. Amayi, a Nabanda, anandilera ndi dimba la kachewere ndi kabichi. Kabudula amene ndinali naye anali wa zigamba pamwamba pa zigamba, moti munthu sakanaloza kuti nsalu yoyambirira inali iti. Ndiye aphunzitsi analamula kuti tikatsegulira sukulu aliyense abwere ndi kabudula wa kaki, wopanda kaki akaweta mbuzi.

Kunali njira ziwiri zopezera chovala chatsopano. Yoyamba, kukhala ndi bambo ku Joni wokumbukira kwawo. Yachiwiri, kuyenda mpaka kuboma kukagula zosokeratu zochokera kunja m'masitolo. Koma chaka chimenecho panabadwa njira yachitatu, imene anthu ankaiyang'ana cham'mbali. Pakhonde la golosale ina pa Chimbiya panakhala telala watsopano, a Dominiko. Iwowa anabadwa mwendo wina uli waufupi, choncho olemba anthu a kumigodi anawakana. Anaphunzira kusoka kumishoni, n'kuweta nkhumba zaka zambiri mpaka anagula makina akale opalasa ndi phazi. Anthu ankawapatsa zigamba zokhazokha. Nsalu yatsopano ayi. Ankati, munthu wakwathu konkuno, tikumudziwa ndi amake omwe, angasoke chiyani?

Amayi anakulira mudzi umodzi ndi a Dominiko ndipo katekisimu anaphunzira limodzi. Tsiku lina kuchitsime nkhani ya kaki itabuka, a Nangondo, amene amuna awo ankatumiza sutikesi yodzaza chaka ndi chaka kuchokera ku Joni, anati chovala chenicheni chimakwera sitima. Ine ndinali pomwepo nditanyamula chidebe. Amayi anatula mtsuko wawo pansi bwinobwino.

"Cha Gele chiyenda wapansi kuchokera pa Chimbiya," anatero amayi. "Asoka ndi a Dominiko, ndipo mudzachigwira ndi manja anu."

Amayi ena anayi amene analibe amuna ku Joni anati chabwino, tionera pa Gele. Akatuluka bwino, nafenso titumiza nsalu zathu. Basi, kabudula wanga anasanduka mboni asanasokedwe n'komwe. Amayi anakumba kachewere, anasenza mpaka kumsewu, ndipo anabwera ndi nsalu ya kaki yolimba ngati chikopa, yonunkhira usitolo. Ndinkainunkhiza iwo akatembenuka.

Tsono mverani mmene tinkayezera zovala, inu amene munazolowera tepi. Kuchoka kwathu kukafika pa Chimbiya unali ulendo wa m'mawa wonse, ndipo mayi wa ana asanu sakanakoka onse kukawandandalika pamaso pa telala. Ankangopota chingwe cha khonje pantchafu n'kudula ziwiri. China ankazunguliza m'chiuno mwa mwana, china ankayeza kuchokera m'chiuno kulekeza pabondo. Zingwe ziwirizo ankazikulunga m'nsalu n'kutumiza, ndipo telala aliyense ankadziwa osauzidwa kuti chachitali n'cha m'chiuno, chachifupi n'cha mwendo. Mwana ngakhale aonde bwanji, kuzungulira mimba yake n'kutali kuposa kutsika mpaka pabondo. Dziko lonse linkadziwa zimenezi kupatula ine. Pamene amayi ankandiyeza ndinkangonyanyuka chifukwa chingwe chinkandigirigisha, maso ali pa mbatata imene ndinakwirira paphulusa.

Ndipo mtima wanga sunali pa kabudula. Unali pa buluku. Fabiyano, mwana wa a Nangondo, anali ndi buluku lalitali la ku Joni, lotuwa, lokhala ndi matumba anayi. Anali mnzanga wotchera naye mbalame, koma akavala bulukulo ankayenda ngati kalaliki wa kuboma. M'mawa ife tikunjenjemera pamzere, iye ankangoima manja ali m'matumba, n'kumatifunsa kuti kodi lero kukuzizira. Aphunzitsi ankamulekerera chifukwa bambo ake anawabweretsera chipewa. Ine ndinalumbira mumtima kuti chisanu chotsatira chidzapeza miyendo yanga itatsekedwa mpaka kuchidendene.

Loweruka amayi anali ndi ntchito yothirira kudimba, ndiye anatuma ine. Anati ndikapereke mtolowo m'manja mwa a Dominiko, ndikanene kuti ndi wa a Nabanda, ndipo nsalu yotsala abweze tidzachite zigamba. Nditadutsa mitengo ya bulugama kumapeto kwa nkhalango ndinakhala pamwala n'kumasula mtolo. Zingwe ziwiri zija nazi, china chachitali, china chachifupi. Apa ndi pamene nzeru zanga zinagwira ntchito, ndipo ndikupemphani musaseke msanga. Ndinati mwendo ndiye chinthu chachitali pathupi la munthu, ndiye chingwe chachitali n'cha mwendo. Ndikachitalikitsa, telala asoka buluku, ndipo likasokedwa lasokedwa, amayi adzakalipa tsiku limodzi koma ine ndidzafunda zaka.

M'thumba ndinali ndi chingwe changa cha misampha, cha khonje chomwecho, chopota ndekha. Ndinaimirira, n'kuyeza kuchokera m'chiuno mpaka pansi pa chidendene, n'kuwonjezera chikhato chimodzi kuti ndidzakuliremo. Ndinadula ndi mwala. Chingwe chachitali cha amayi ndinachiponya m'tchire, ndipo ndinayenda ulendo wotsalawo ndikuimba mluzu.

Pa Chimbiya ndinachenjeranso kachiwiri. Ndinadziwa kuti telala akandiona angafune kundiyeza yekha, chinyengo n'kuululika. Ndinabisala kuseri kwa ngolo ina mpaka ndinawaona akutsimphina kupita kukapala makala a simbi yawo yositira. Pomwepo ndinathamanga n'kupereka mtolo kwa akazi awo, amene ankagulitsa zitumbuwa pakhonde pomwepo.

"Mwini kabudulayu ndi iweyo?" anandifunsa.

"Ayi, ali kumudzi," ndinatero. "Sayenda msanga."

Sindikudziwa bodza limenelo linachokera kuti, koma linagwira ntchito kuposa mmene ndinafunira. A Dominiko atatambasula chingwe chija n'kumva kuti mwiniwake sayenda msanga, anangogwedeza mutu n'kunena kuti mwana wa a Nabanda akudya bwino.

Patapita sabata, munthu wina wochokera kumsika anabweretsa kaphukusi. Amayi anakamasula pabwalo dzuwa likuswa mtengo, ine ndikudikira miyendo iwiri yaitali igwe pansi. Sinagwe. Amayi anagwira uku ndi uku n'kuyamba kutambasula, manja akupitabe, akupitabe, mpaka anaima ngati munthu woyanika mphasa. Kutalika kwake kunali kwa kabudula ndithu, kolekeza pabondo. Koma m'chiuno munali malo a mfumu ya mowa. Msoko wake unali woongoka bwino, mabatani ali pamzere, koma nditavala miyendo yanga yonse iwiri inakwana mwendo umodzi, kwinako kukanalowa Fabiyano. Nsalu yotsala panalibe ngakhale kachidutswa.

Amayi anandiyang'ana.

"Zingwe unapereka zonse ziwiri?"

"Zonse ziwiri, amayi."

Limenelo silinali bodza, ndipo ndinadzitonthoza nalo masiku ambiri.

Kubisa sikukanatheka, chifukwa mudzi wonse unkadziwa kuti kabudula wafika. Lamulungu amayi anandimanga luzi m'chiuno, nsalu n'kukwinyika kuzungulira thupi lonse, ndipo tinapita kutchalitchi chathu chaching'ono cha udzu. M'kati anthu anadzigwira chifukwa choopa Mulungu, ngakhale ndinkamva mapewa akugwedezeka kumbuyo kwanga. Titatuluka, aliyense atatsamira khoma kuothera dzuwa, a Nangondo anandizungulira kamodzi ngati akufuna kundigula.

"A Nabanda, thumbali mwadzaza theka. Kachewere winayo mwasiya kuti?"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Wina anati ndi nsalu yotsala yomwe telalayo wadya. Kenaka a Nangondo anawonjezera mawu amene mpaka lero amandiwawa, akuti munthu woti miyendo yake yomwe ndi yosiyana angayeze bwanji ya anzake. Pamenepo amayi anangomanga chitenje chawo mwamphamvu n'kundigwira dzanja. Amayi anayi aja anati nsalu zawo aziona kaye, mwina akasinthitsa ndi zosokeratu kuboma.

Ndikanakonda kulemba pano kuti tsiku lomwelo ndinaulula. Koma pa msinkhu wangawu kunama n'kotopetsa. Ndinakhala chete masabata awiri athunthu. Ndinawerengera kuti kusekedwa n'kopepuka kuposa nthyole, ndipo anthu sankaseka ine kwenikweni, ankaseka telala. Kusukulu anandipatsa dzina loti Thumba, ine n'kumayankha. Nkhani inayenda ndi anthu opita kumsika, inakafika pa Chimbiya itanenepa kuposa kabudulayo. Akuti mwana analowamo ndi mbuzi. Ngakhale a zigamba aja anasiya kupita. Kenaka tinamva kuti a Dominiko akugulitsa makina kwa munthu wa ku Linthipe, iwo apita kumaesiteti kukasankha fodya, ntchito yoti angagwire atakhala pansi.

Amayi atamva anasiya khasu pakati pa mzere.

"Mawa tikupita. Uvale thumba lakolo. Dominiko sanayambe wandinamiza kuyambira tili ana. Ndikufuna ndikaone chingwe."

Ine sindinkadziwa kuti atelala amasunga zingwe. M'mawa mwake tinanyamuka. Titafika pamwala paja ndinayang'ana kumbali.

Tinapeza makina atavundikiridwa ndi chiguduli. Pakhonde pankamveka kafungo ka mafuta a makina ndi phulusa lozizira. A Dominiko anali atakhala pa mpando wawo manja ali pamaondo, munthu wochepa thupi, wa maso ofatsa, tepi ili m'khosi ngakhale panalibe chomuyeza. Pamsanamira pambali pawo panali misomali, ndipo pamsomali uliwonse panalendewera zingwe ziwiriziwiri zomangidwa ndi kachidutswa ka nsalu ya mwiniwake. Atapatsana moni ndi amayi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwereranso pa luzi lija.

"Mwana wake ndi ameneyu, a Nabanda?"

"Ndi yemweyu."

"Anadwala?"

"Sanadwalepo. Ndionetseni zingwe, a Dominiko."

Anatambasula dzanja n'kuchotsa pamsomali. Amayi anatenga chachifupi, anachipsinja pang'ono n'kuchiika pambali, chinali chawo. Anatenga chachitali n'kuyamba kuchiyendetsa pakati pa zala pang'onopang'ono. Kupota kwa amayi kunali kothina ngati waya, kwanga kunali kwa mabampu. Zala zawo zitafika chapakati zinaima. Pamenepo panali kaulimbo kouma, ndipo pakaulimbopo panamatirira kanthenga ka mpheta. Anangochiyala pa chiguduli chija, patsogolo panga penipeni, n'kupinda manja.

Kunja kumsewu kunadutsa lole, phokoso lake n'kukazimiririka cha ku Dedza. Ndinayang'ana kanthengako, ndinayang'ana makina ovundikiridwa, ndinayang'ana nsapato ya a Dominiko imene anaikhomera thabwa pansi kuti mwendo ufike pa chopalasira. Nsapato imeneyo ndi imene inanditsegula pakamwa.

"Ndinkafuna buluku," ndinatero.

Ndinafotokoza zonse, za mwala, za ngolo, za mwana wosayenda msanga. Akazi a telala anagwira pakamwa. A Dominiko anayamba kuseka, anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili chuchuchu. Kenaka kuseka kunatha mwadzidzidzi ngati ulusi waduka.

"Mwana iwe, chisanu ndimachidziwa, nanenso ndinakulira komweko. Koma wandivula pamaso pa anthu."

Ndinadikira nthyole. Ndinali nditakonzeka kale, ndipo kunena zoona ndinkaifuna, chifukwa nthyole imatha msanga. Koma amayi anga sanali munthu wopereka zinthu zotsika mtengo.

"Kukumenya n'kutaya mphamvu za kudimba. Anthu anasekera kutchalitchi. Ukanene komweko, ndi pakamwa pakopo." Kenaka anatembenukira kwa a Dominiko. "Wogulayo akubwera liti?"

"Lachiwiri."

"Lamulungu limayamba kufika. Vundukulani makinawo."

Tsiku limenelo ndinakhala pakhonde la m'mbali mwa msewu waukulu nditamanga chitenje cha maluwa cha akazi a telala, anyamata a pa Chimbiya akudutsa n'kumandipatsa moni wa atsikana. Koma maso anga anali pa manja a a Dominiko. Anandiyeza ndi tepi, n'kulemba ndi choko pansalu. Ndinkaganiza kuti atenga sizasi achotse zochulukazo. Anakana. Anati nsalu imene amako anaigula ndi msana sindingaitaye pansi. M'malo mwake anaipinda m'kati, mapindo asanu kuzungulira chiuno, lililonse ndi msoko wakewake, kuti ndikakula azingomasula limodzi. Kumiyendo nakonso anachita chimodzimodzi. Phazi limodzi lomwelo linkapalasa, makina akuti tekete tekete, singano ikuthamanga mowongoka ngati ikudziwa kwawo. Pomaliza anakoleza simbi, anamwa madzi n'kuwapemerera pansalu, nthunzi n'kukwera. Nditavala, kabudula anandigwira m'chiuno ngati tinabadwa limodzi.

Potsanzika anandipatsa chingwe chachitali chija.

"Sunga. Ukadzakwanamo udzabwere, ndidzakusokera buluku lakolo."

Lamulungu lija ndimalikumbukira kuposa tsiku la ukwati wanga, akazi anga asamve. Belu la tchalitchi chathu linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo, ndipo wololedwa kuchimenya anali akatekisiti okha. Anthu atatuluka n'kuyamba kuothera dzuwa, ndinayang'ana amayi kuti mwina andiyambira nkhani. Iwo anali kutali, akuyang'ana phiri ngati alibe mwana. Koma ndinakumbukira chiguduli chija. Ndinatola mwala, n'kumenya chitsulocho katatu.

Mutu uliwonse unatembenuka. Ndinakwera pachitsa n'kunena kuti a Dominiko sanalakwitse, anasoka zimene chingwe chinawauza, ndipo chingwecho ndinasintha ndine chifukwa ndinkafuna buluku ngati la Fabiyano. Mawu ankatuluka aang'ono ngati a mwanapiye, ndiye ndinabwereza mokweza. Amuna anayamba kuseka atamvetsa kuti ndinatalikitsa cha m'chiuno. Mkulu wina anati mwana ameneyu asukulu akungomudyera nthawi. A Nangondo okha sanaseke.

"Wachita kukuphunzitsa ndi amako, kuti apulumutse mnzawo."

Ndinatulutsa chingwe m'thumba n'kuchikweza m'mwamba, kanthenga kaja kakupepeluka. Ndipo thandizo linachokera kumene sindinkayembekeza. Fabiyano anayandikira, anachiyang'anitsitsa, n'kunena mosaganiza kuti chimenechi n'chake cha misampha amayi, ulimbowo tinapanga limodzi. A Nangondo anamuponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale.

Apo m'pamene amayi anabwera. Ananditsitsa pachitsa n'kundiimika pakati pa azimayi, amene anayamba kunditembenuza uku ndi uku ngati mbuzi ya pamsika. Ankakoka misoko kuti aone ngati ingalekane, ankakanda mabatani ndi zikhadabo. Amayi anapinda m'chiuno pang'ono n'kuwaonetsa mapindo aja, akuwerenga ndi chala.

"Ndiye kuti chaka chamawa simugulanso?" anafunsa mmodzi mwa anayi aja.

"Ngakhale chinacho. Telala ali pafupi, tikangomasula."

Maso a anthu onse anatsikira pa buluku la Fabiyano. Mnyamatayo anali atakula chaka chimenecho, ndipo buluku la ku Joni linali litathawa kale akakolo, likukwera kulowera kumaondo. M'kati mwake munalibe chomasula. Amene analisoka sankamudziwa Fabiyano, ndipo sankayembekeza kudzaonana naye.

Lolemba m'mawa tinanyamuka ndi mitolo inayi ya kaki. Nsalu ndinasenza ine pamutu. Zingwe zonse amayi anamanga pangodya ya chitenje chawo, ndipo ndikayandikira ankandiuza kuti ndiyende kutsogolo. Lachiwiri munthu wa ku Linthipe anabwera ndi njinga ndi zingwe zomangira katundu, n'kupeza makina akulira, mwiniwake alibe ngakhale nthawi yodzutsa mutu. Anabwerera ndi zitumbuwa.

Kabudula ameneyo ndinavala zaka zinayi. Chaka chilichonse sukulu isanatsegulidwe ndinkapita pa Chimbiya, a Dominiko n'kumasula pindo limodzi, n'kundifunsa ngati mwana wosayenda msanga uja akupeza bwino. Sukulu ndinalekeza Sitandade Faifi, mutu unadzaza kabudula asanadzaze, ndipo ndinamusiyira msuweni wanga pindo limodzi likadalipo. A Nangondo nawo anapita chaka chachiwiri, kudzera njira ya kuseri kwa msika, kukadulitsa buluku lija likhale kabudula. A Dominiko anawalandira ndi ulemu wonse. Sanawayeze miyendo.

Lero mukafika pa Chimbiya tsiku la msika, zovala zaunjikidwa pansi ngati chimanga cha pankhokwe yogwa. Anyamata akukuwa mitengo, anthu awerama akufukula, wina atulutsa jekete la munthu amene sanamuonepo, la fungo la mankhwala, lolembedwa mawu amene ngakhale mwiniwake watsopanoyo sangawerenge. Sindikunyoza munthu. Kaunjika waveka ana ambiri amene nthawi yathu akanayenda ndi zigamba, ndipo umphawi ndimaudziwa, tinagonera mphasa imodzi. Koma ndimaona makonde amene kale ankalira makina atakhala chete, ndi anyamata odziwa kusoka akugulitsa mayunitsi a foni. Mdzukulu wanga wina anagula buluku pakaunjika, mwezi umodzi zipi n'kufa, ndipo anathamangira kwa telala yemweyo amene amamudutsa osapereka moni. Tikamupatsa zigamba zokhazokha munthu, tsiku lina tidzapeza makina atavundikiridwa, ndipo sipadzakhala mwana wopusa woti akamenye belu.

Ine ndiye ndinatsimikiza kalekale. Malaya, buluku, ngakhale suti imene adzandiveke tsiku lomaliza, zonse zimachokera pakhonde. A Dominiko anatisiya, koma mdzukulu wawo Esinta ali ndi makina awiri ndi atsikana atatu amene akuwaphunzitsa, ndipo mayunifolomu a ana a m'mudzi mwathu ndimaonetsetsa kuti apite kwa iyeyo. Ndimayenda khomo ndi khomo kukakamiza makolo, mpaka ena akandiona amatseka zitseko. Ndimagogodabe. Nthawi ndili nayo.

Chingwe chija chinakhala m'kachitini ka fodya pansi pa sutikesi zaka zonsezi. Kanthenga kanathothoka, khonje anada, koma sanaduke. Mwezi wathawu ndikufunafuna khadi la kuchipatala ndinachipeza, ndipo poti m'nyumba munalibe wondiona, ndinachizunguliza pamimba pangapa. Anzanga, nsonga ziwiri zinakumana ndendende, osatsala, osaperewera. Kachewere wa zaka zonsezi sanapite pachabe.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi, ndinagula kaki, n'kukaika nsalu ndi chingwe patebulo la Esinta. Anatenga tepi kuti andiyeze. Ndinamuuza kuti asavutike, agogo ake anandiyeza kale, anangofulumira ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Iye anachitembenuza chingwecho, nkhani yake amaidziwa, n'kundiyang'ana ndi diso limodzi.

"Nanga cha mwendo chili kuti, agogo?"

"Chimenecho uyeze wekha, mwanawe, mpaka kuchidendene. Ine zingwe ndinasiya kugwira."

Juni akubwerayu andipeza nditavala.